Loko Wofiira wa a Ramadhani

1

Ndine Teleza, mayi wa ana atatu, mkazi wa mphunzitsi, ndipo pa pepala ndine injiniya wa makina. Ndikuti pa pepala chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi digiri yanga ya ku Poly inkagwira ntchito imodzi yokha, yobisa mng'alu wa khoma pabalaza pathu ku Makwasa.

Ntchito ndinaisiya Mwai, mwana wanga wachisamba, atabadwa masiku asanakwane. Ndinati ndipume chaka chimodzi ndilere mwana. Chaka chija chinaitana chinzake, ana ena awiri anabwera osagogoda, amayi anadwala mpaka kutisiya, ndipo podzidzimuka ndinapezeka ndili ndi imvi komanso khola la nkhuku. Uinjiniya wanga unatsalira pakamwa. Munthu akangodandaula pamaso panga kuti chigayo chikulira moipa, ankamva za malamba ndi magiya mpaka kuiwala ufa wake.

Chaka chatha esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, imene sindiitchula dzina, inkafuna injiniya wothandizira ku fakitale. Amuna anga, a Raphael, ndiwo anabwera nayo nkhaniyi.

"Amake Mwai, kayeseni mwayi. Mwatitopetsa n'kumasula wailesi yabwinobwino mlungu uliwonse."

Ndinayesa, ndipo ananditenga. Tsiku limene anandiimbira foni ndinalowa kuchipinda n'kutulutsa ovololo yanga yakale m'sutikesi. Inalowa bwino mpaka m'mawondo, pamenepo n'kukana. A Raphael anaseka mpaka kutsamwa, kenako anakwera njinga kukauza aphunzitsi anzawo onse kuti akazi awo abwerera ku makina. Ine ndinatsala ndikuvina ndekha, ovololo ili m'mawondo, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Isanathe miyezi itatu, mwamuna yemweyo anakhala pakhonde ndi ankhoswe, ine ndikufunsidwa kuti ndi sing'anga uti amene anandithandiza kukhomera mwamuna wa mwini. Koma tisathamange, ndiyambe ndakulowetsani m'fakitale.

2

Fakitale ndinaipeza itasintha osandidikira. Fungo lokha ndilo linali lakale, la masamba ofota ndi girizi. Pamene kale tinkatembenuza zogwirira ndi manja awiri, tsopano panali magalasi odina ndi chala ngati foni, ndipo kuti ndiwerenge zolembedwapo ndinkayamba ndafufuza mandala m'thumba. Anyamata a ku wekishopu ankanditchula kuti "amayi", n'kumandilanda sipanala mwaulemu poopa kuti ndingathyoke msana.

Bwana wa fakitale anali a Justice. Kalekale a Justice amenewa anabwera kudzaphunzira ntchito pansi panga ali mnyamata wa ku koleji, wosadziwa mbali imene bawuti amamasukira. Tsopano anali ndi ofesi, galimoto ndi mimba.

"Madamu, tikuyesani miyezi itatu, kenako akuluakulu adzagamula," anatero. "Zambiri mukuzidziwa, koma ichi n'chatsopano."

Anandipatsa loko wofiira ndi kiyi mmodzi. Pa lokopo panalendewera kakhadi kapulasitiki kokhala ndi dzina langa, nambala ya foni ndi chithunzi changa.

"Musanalowetse dzanja m'makina, mumazimitsa swichi yaikulu n'kukhomapo loko wanu. Kiyi m'thumba. Loko wa mnzanu simukhudza, ngakhale fakitale ikupsa. Wokhoma ndiye wotsekula. Wokhudza amapita kwawo tsiku lomwelo, kaya ndi ndani."

"Nthawi yathu tinkangolemba pa katoni kuti osayatsa, n'kukuwa kuti aliyense amve," ndinatero ndikuseka.

"N'chifukwa chake akuluakulu ambiri a nthawi yanu akamawerenga ndi zala amathera pa seveni," anayankha.

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati mwana wa dzulodzuloyu akundiphunzitsa ine makina.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankanditchula amayi. A Ramadhani, fitala wamkulu wokonza makina, bambo wachisilamu wa ndevu za imvi amene anakalambira pa fakitalepo, ankanditchula "a injiniya" kuyambira tsiku loyamba. Ndikasokonezeka ndi magalasi aja, ankaima pafupi n'kumadina pang'onopang'ono ngati akudzikumbutsa okha, kuti ine ndionere popanda kufunsa. Pa nthawi ya tiyi ankandigawira zitumbuwa zimene akazi awo ankakazinga. Ndikunena izi kuti mudziwe munthu amene nkhaniyi inamugwera.

3

Linali Lachisanu la mu Januwale, mvula itagwa mlungu wonse, tiyi akuphuka ngati akuthamangitsidwa. Mathirakitala ankatsitsa masamba, ena ali pamzere kunja. A Justice anali atapita ku Limbe ku msika wa tiyi, n'kundisiyira fakitale kwa nthawi yoyamba.

Fakitale ija ili ndi malaini awiri a makina a CTC, amene amadula ndi kupota masamba pakati pa marola, zitsulo zozungulira zokhala ndi mano. Laini yachiwiri inali itaima kuyambira m'mawa, a Ramadhani akuikonza. Dzuwa litafika pamutu anasamba m'manja n'kundipeza.

"A injiniya, ndamanga kale, kwatsala kuyesa. Ndikaswali kaye ku mzikiti, ndikabwera tiyatsa."

Anakwera njinga n'kutuluka. Mosungira masamba munali mutadzaza, ena atayamba kutentha ndi kufiira. Foni yanga inalira, kenako inaliranso. Anali a Justice.

"Madamu, laini yachiwiri ikuyenda? Masamba amenewo akapsa ndikawauza chiyani akuluakulu? Kapena ndibwerere?"

"Musabwerere, ndili pano," ndinatero ndi mawu a munthu amene sanagwirepo mthiko.

Zimene fakitale yonse inadziwa ndi izi. Laini yachiwiri inayatsidwa. Inalira bwino kanthawi, kenako kunamveka phokoso ngati munthu wathira miyala m'chigayo. Titazimitsa tinapeza sipanala ya a Ramadhani, imene inatsalira pa lamba wonyamula masamba, itatafunidwa pakati pa marola, mano a marolawo atathyoka mbali yonse. Marola otero sagulidwa ku Thyolo boma, amachokera kunja.

Lolemba tinakhala mu ofesi ya a Justice.

"Ndinakhoma, bwana," anatero a Ramadhani. "Kiyi ndi uyu. Sipanala ndavomera, ndinaiwala. Koma zaka zonsezi sindinasiyepo makina osakhoma."

"Kiyi ndikumuona. Loko ali kuti?"

A Ramadhani anangotambasula manja. A Gracious, oyendetsa laini ija, anati iwo anangodina batani ataona kuti magetsi abwera, m'chipinda cha maswichi salowamo. Kenako a Justice anatembenukira kwa ine.

"Madamu, swichi munakweza ndinu. Panali loko?"

"Pokweza panalibe," ndinatero.

A Ramadhani anaimitsidwa ntchito podikira chigamulo cha akuluakulu. Ine a Justice anandiuza kuti ndikanayang'ana kaye pa lamba, koma wolakwa ndi wosakhoma, ndipo anandiyamikira chifukwa choyesetsa kupulumutsa masamba. Kuyamikirako ndinakulandira ndi manja awiri, nkhope ili pansi, ngati munthu wolandira mgonero.

4

Mlungu womwewo ndinagwira tambala m'khola n'kupita naye kwa a Ramadhani, kuseri kwa msika wa pafupi ndi esiteti. Ndinamutenga wamoyo kuti akazinge okha mwa chisilamu. Akazi awo, a Mwanahamisi, mayi wamfupi wa maso akuthwa, anamulandira akugwada.

"Mabwana onse atiiwala, inu nokha ndi amene mwatikumbukira. Mulungu akuwonjezereni."

Mlungu wachiwiri ndinapita ndi thadzi. Wachitatu ndinapita ndi thadzi lina, shuga ndi sopo. Pamenepo a Mwanahamisi anasiya kugwada, n'kuyamba kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku duku.

A Ramadhani ndinkawapeza pakhonde, atawonda, akutembenuza kiyi uja m'zala.

"A injiniya, tulo tinathawa. Ndikatseka maso ndimadziona ndikukhoma, ndimamva n'kulira komwe kwa loko. Koma ngati inu simunamupeze, ndiye kuti mutu wanga wayamba kuchoka. Bambo anga anayamba chonchi, kuiwala zing'onozing'ono. Mapeto ake ankasochera pakhomo pawo pomwe. Ngakhale atandibwezera ntchito, munthu wotere angalowetse anzake m'makina?"

"Musaganize kwambiri, bambo, Mulungu alipo," ndinatero, wosachita manyazi ndi dzina limene ndatchula.

Kunyumba chakudya chinkandikana. Tsiku lina pa kadzutsa a Raphael anaika kapu pansi.

"Amake Mwai, Ramadhani ndi ndani?"

"Fitala wa kuntchito. Bwanji?"

"Mwamutchula kutulo kawiri mlungu uno. Ine zaka zonsezi simunandilotepo. Ndiponso nkhuku zikutha m'khola, pamene pano tikudya nyemba."

Ndinanamizira kabawi. A Raphael anati kabawi wonyamula tambala wamkulu chonchija ayenera kulembedwa ntchito yonyamula matumba ku esiteti. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamilomo pokha.

5

Alamu anga a Cathy, alongo awo a Raphael, anabwera kuchokera ku Nsabwe kudzacheza. A Cathy ndi munthu amene akalowa m'nyumba mwako amadziwa za m'sutikesi iliyonse dzuwa lisanalowe. Lamulungu m'mawa ankafuna duku loyera, ndipo anakalifuna m'chikwama changa cha kutchalitchi, pansi pa Baibulo ndi buku la nyimbo.

Ndili kubafa ndinamva chinthu cholemera chikugwa pa simenti, kenako zii. Potuluka ndinapeza a Cathy atatsamira khoma, a Raphael ataima ndi tayi m'manja. Pakati pawo panali sokosi yakuda ya a Raphael, ulusi umene ndinamangira kukamwa kwake utamasulidwa. Pambali pake panali loko wofiira, wokhoma, nkhope ya a Ramadhani ikuyang'ana kudenga.

"Achimwene, musakhudze," anatero a Cathy. "Izi ndinaziona kwa Khwethemule. Mkazi akafuna mwamuna wa mwini, sing'anga amamupatsa loko, amatchula dzina, n'kukhoma. Kiyi amakamutaya mumtsinje. Mwamuna uja kwawo sadya, sagona, mkazi wake amamuona ngati chitsa. Taonani, n'chithunzi chomwe chilipo, ndi nsalu yakuda."

"Ndi za kuntchito," ndinatero. "Aliyense ali naye wake."

"Wanu ndimamudziwa, mumamukoleka pa ovololo," anatero a Raphael motsitsa mawu. "Uyu ndi wa Ramadhani uja wa kutulo. Akutani mu sokosi yanga, pansi pa Baibulo?"

Yankho ndinali nalo, koma a Raphael ndi munthu amene choona sichigona m'kamwa mwake. Akanandikweza pa njinga tsiku lomwelo mpaka kunyumba kwa a Justice. Ndipo miyezi yanga yoyesedwa inkatha Lolemba la mlungu winawo, tsiku lomwe akuluakulu ankagamulanso za a Ramadhani. Ndinadzinamiza kuti ndikangokhazikika pa ntchito ndidzawalankhulira, adzabwerera, aliyense adzakondwa. Ndinaika zinthu ziwiri pa sikelo: kutchedwa mfiti yachimasomaso mlungu umodzi, kapena kubwerera ku khola la nkhuku moyo wanga wonse. Owerenga, ine mkazi wa digiri, woimba kwaya, ndinasankha ufiti.

Pamene ndinkayeza zimenezi, a Cathy anali atawerenga kale nambala ya pa kakhadi kaja, foni ili kukhutu. Anayankha anali a Mwanahamisi.

6

Mlungu umenewo a Raphael ankagona pabalaza. Loweruka masana ankhoswe anakhala pakhonde. Kumbali yanga kunali amalume a Peterson, amene anagwira ukapitawo m'minda ya tiyi mpaka kupuma. Kumbali ya a Raphael, a Cathy anadzisankha okha. A Mwanahamisi anafika wapansi, osaitanidwa, n'kukhala pa mkeka patali ndi ine. Loko anamuika pa lichero pakati pathu, atamunyamula ndi mthiko. Ana tinawatumiza kwa anansi, kumene anakapeza anansiwo atatsamira kale mpanda.

A Mwanahamisi ndiwo anayamba.

"Ine sindinabwere kudzakangana. Nkhuku zanu tinadya, sindingazibweze. Ndikungopempha mutsekule mwamuna wanga. Chiyambireni kubwera inu, munthu uja sadya, salankhula, amangokhala tsonga ndi maganizo. Ngati mukumufuna, chisilamu chimalola awiri. Bwerani poyera tidzagawane ntchito, osati kum'manga ngati mbuzi."

Amalume anakonza kukhosi. "Teleza, wamva. Tsekula."

"Kiyi ndilibe, amalume."

"Ndinanena ine," anatero a Cathy akuomba ntchafu. "Ali mumtsinje wa Nswadzi."

"Mwana wa mlongo wanga, unapita kwa sing'anga uti? Tiuze, tikam'pepese amasule. Banja lathu za mtundu umenewu silinazichitepo."

Pamenepo a Raphael, amene anali asanalankhule, anaika nthabwala zonse pambali n'kunena zamumtima.

"Amalume, ine pano ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja anga koma nthaka ndi yanu, ndipo ndikudziwa kuti wochoka ndine. Ku ntchito imeneyi ndinawatumiza ndekha, ndinayenda sukulu yonse ndikunyadira. Za sing'anga sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkazi wanga akundibisira chinthu, ndipo chili ndi nkhope ya mwamuna wina. Ndikufuna ndichimve pakamwa pawo. Akapanda kunena lero, mawa ndimanga katundu pa njinga."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandipweteka. Mwamuna ameneyu ndinkamukonda, ndimamukondabe, koma ndinakhala chete ndikuganiza kuti Lolemba lili pafupi, kuti katundu womangidwa Lamulungu angathe kumasulidwa Lachiwiri. Ndinkafuna ntchito ndi banja zonse pamodzi, chikhalirecho ndimadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Belu la njinga linalira pa chipata. Anali a Ramadhani. Anali atamva kumene akazi awo apita, ndipo anabwera kudzawatenga asanawachititse manyazi kwa a injiniya.

7

Anapereka moni kwa aliyense n'kuyamba kupepesa. Kupepesako kunathera pakati, maso awo atagwera pa lichero. Anawerama n'kutola loko uja ndi dzanja. A Cathy anasuntha ndi mpando womwe.

A Ramadhani anapisa m'thumba la mkanjo wawo, anatulutsa kiyi, analowetsa, loko n'kutseguka.

"Ee, ndiye kiyi amasunga ndi mwamunayo," anatero a Cathy. "Anapanganatu awa."

"Tadikirani pang'ono, mayi," anatero a Ramadhani osawayang'ana. Anatembenuza loko uja n'kuyendetsa chala pa chitsulo chake. "Sanadulidwe. Sanathyoledwe. A injiniya, ndiye kuti ndinakhoma?"

"Munakhoma, bambo."

"Mutu wanga uli bwino?"

"Uli bwino."

Anakhala pansi pa sitepe n'kupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Patapita kanthawi anafunsa kuti, "Nanga anachoka bwanji pa swichi ali wokhoma?"

Ndiye ndinanena. Lachisanu lija, foni ya a Justice italira kachiwiri, ndinalowa m'chipinda cha maswichi n'kupeza loko wa a Ramadhani ali pamalo pake. Ndinasuzumira ku makina, kunalibe munthu. Ndinabwerera n'kumuyang'anitsitsa loko uja, ndipo ndinaona kuti kachitsulo kokhota kamene amakolekapo kanangomangidwa ndi manati awiri kumbuyo. Ndinamasula manati, ndinasolola kachitsulo, loko anatsetsereka ali wokhoma, n'kubwezera zonse mwakale. Kunena zoona, pamenepo ndi pamene ndinadzimva injiniya kwa nthawi yoyamba chibwerereni. Ndinati masamba apulumuke, loko ndimubwezere mwini wake asanafike, a Justice adziwe kuti nkhalamba ija sinachite dzimbiri. Phokoso litamveka, loko anali m'thumba la ovololo yanga. Kawiri ndinaima naye pa chimbudzi kuti ndimuponyemo, koma nkhope ya pa kakhadi inkandiyang'ana, ndiye ndinaiphimba ndi sokosi.

"Nambala yanga inali pamenepo," anatero a Ramadhani. "Bwanji osandiimbira?"

"Ndinkafuna ndioneke kuti ndingathe ndekha."

Amalume anakanda mutu. "Ndiye mulibe mankhwala mmenemu?"

"Mulibe."

"Chibwenzi?"

"Palibe."

"Aa, ndiye mwandiyendetsera za ku fakitale basi?"

A Cathy anaoneka ngati munthu amene waphika thobwa alendo osabwera. A Raphael anaseka kamodzi, kuseka kwa munthu wopulumuka, n'kundigwira dzanja. Kenako anayang'ana a Ramadhani, dzanja langa n'kulisiya.

A Mwanahamisi anaimirira n'kumanga chitenje.

"Bola akanakhala sing'anga," anatero. "Ndikanati mumamufuna mwamuna wanga, n'zochitika. Koma inu mumabwera ndi nkhuku kudzaonera akudziyesa wamisala."

Kuseri kwa mpanda anansi anayamba kuchoka mmodzimmodzi, okhumudwa kuti nkhani yazizira.

8

Lolemba a Raphael sanandikweze pa njinga. Anangondiperekeza pa msewu n'kunena kuti njira ndikuidziwa.

A Justice anandilandira akumwetulira. "Madamu, mwafika bwino. Akuluakulu akondwera nanu, ndimati ndikuuzeni."

"Tamverani kaye zanga, bwana."

Ndinanena zonse, kachiwiri m'masiku atatu, ndipo sizinapepuke. A Justice anavula magalasi n'kukhala nthawi yaitali akupukuta.

"Ntchito munandiphunzitsa ndinu," anatero pomaliza. "Akanakhala marola okha ndikanakutetezani, aliyense amaswa chinthu. Koma loko wa mnzanu, kenako kunama pa mlandu, ndilibe polowera. Tiyeni mukandionetse kachitsulo kameneko."

Ndinakawaonetsa. Tsiku lomwelo analamula kuti tizitsulo tonse ta pa maswichi tiwotcheredwe, kuti pasadzapezekenso wanzeru wina womasula manati. Imeneyo ndiyo ntchito yokha ya uinjiniya imene ndinasiya pa fakitale ija. Ndinabweza loko wanga, ovololo ndi nsapato, n'kutuluka ndi chikwama m'manja, anyamata a ku wekishopu akuyang'ana kumbali.

Pa geti ndinakumana ndi a Ramadhani, amene anali ataitanidwa kuti ayambe ntchito, akukankha njinga.

"Bambo, pepani. Ndilibe mawu ena."

"Ndamva, a injiniya. Kukhululuka ndi ntchito yaitali, koma ndiiyamba." Anaimika njinga. "Pali china chimene sindinanene pa mlandu uja, chifukwa sichikanandithandiza. Tsiku lija ku mzikiti sindinafike. Ndili m'njira ndinakumbuka sipanala, ndinatembenuka kuti ndikaichotse. Pa geti pano tcheni cha njinga chinagwa, ndinaima kuti ndichibwezere. Phokoso lija ndinalimva ndikukwera masitepe."

Anatambasula dzanja lawo lamanja n'kuliyang'ana.

"Tcheni chikanapanda kugwa, a Gracious akanadina batani ine nditawerama pa lamba. Swichi sindikanapita kukaiyang'ana. Kiyi anali m'thumba mwanga."

Anakankha njinga n'kulowa. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi mizere ya tiyi, ndipo amayi othyola masamba anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinalira pamenepo, ndipo sindinkalirira ntchito.

9

Owerenga, a Raphael sanamange katundu, ngakhale zinatenga nthawi kuti abwerere kuchipinda. A Cathy ku Nsabwe amafotokozabe nkhani ija ndi sing'anga wake yemwe, ndipo anthu amaikonda kuposa yanga, chifukwa ya manati awiri ilibe mchere. Ndinapita ku intavyu pa fakitale ina ya mtedza wa makadamiya. Atandifunsa chimene ndinachokera kuntchito, ndinawauza, ndipo mpaka lero sanandiimbire. Pakadali pano ndimakonza zigayo ndi mapampu a madzi kuchokera ku Makwasa mpaka ku boma. Manja ali ndi girizi, ndipo ndikakhala kuti sindikudziwa chinthu ndimafunsa.

Kwa inu amene munasiya ntchito zaka zambiri ndipo mukuganiza zobwerera, bwererani, musaope. Manja saiwala, anga anamasula manati aja ngati anachita dzulo. Chimene chinandigwetsa ndi mantha akuti anthu aona kuti ndatsalira, kuti ndine mayi wa nkhuku wovala ovololo. Mantha amenewo ndi amene anandichititsa kuthamanga pamene ndinayenera kudikira, n'kukhala chete pamene ndinayenera kulankhula. Kudikira munthu amalize kuswali sikukanapha aliyense. Masamba akanapsa, a Justice akanakalipa, ndipo tiyi wina akanaphuka mlungu womwewo.

Mwezi watha ndinakumana ndi a Ramadhani pa msika, akazi awo ali pambali ndi dengu la zitumbuwa. Ndinafuna kukhota, koma anali atandiona kale. Anandipatsa dzanja. Linali lofunda, lolimba, zala zonse zisanu zilipo. Ndinaligwira nthawi yaitali kuposa mmene mkazi wa mwini ayenera kugwirira dzanja la mwamuna wa mnzake, mpaka a Mwanahamisi anatsokomola.